"Adapt" kapena "adopt"? Nanga pa Chichewa tinene kuti chiyani?

Lachiwiri madzulo

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndithandizeni msanga chonde. Ndikulemba kalata yofunsira ntchito ku bungwe lina. Ntchito yake ndi ya ku Nsanje, koma ine chibadwire sindinakhalepo kunja kwa Lilongwe. Ndimafuna kuwatsimikizira kuti sindivutika kuzolowera malo achilendo, ndiye ndalemba kuti "I can easily adopt with new environments." Mnzanga wawerenga, akuti palakwika, koma naye sakutha kuloza pamene palakwikapo. Akutseka Lachisanu.

Aphiri a ku Dedza: Anabanda, mnzanuyo wanena zoona, ndipo palakwika pawiri. Koyamba, mneni amene mukufuna ndi adapt, wokhala ndi a pakati, osati adopt. Kachiwiri, mperekezi wake ndi to, osati with. Lembani kuti "I adapt easily to new environments." With ameneyu ndimamudziwa bwino, ndamuzunguliza ndi cholembera chofiira zaka zanga zonse za uphunzitsi. Amachokera m'chinenero chathu. M'mutu timati "kugwirizana ndi malo" kapena "kuzolowerana ndi anthu", ndiye "ndi" ameneyu timangomunyamula n'kumusandutsa with. Eni ake amati adapt to, adjust to, get used to. Onse atatu amayenda ndi to.

Nabanda: Zikomo kwambiri aphunzitsi. Koma kusiyana kwake kwenikweni n'kotani? Ine ndimaona ngati ndi mawu amodzi, kungoti ena amalemba chonchi ena chonchi.

Aphiri a ku Dedza: Ayi, ndi mawu awiri osiyana. Amangofanana nkhope. Adopt ndi kutenga chinthu chimene sichinali chako n'kuchiyesa chako, momwe chililimo. Banja likatenga mwana wamasiye kudzera ku khoti kuti akhale wawo mwalamulo, amati they adopted a child. Aphungu akavomereza lipoti la komiti ku Nyumba ya Malamulo, nyuzipepala imalemba kuti Parliament adopted the report. Palibe chimene asintha pamenepo, angochilandira.

Adapt ndi kusintha, kaya kudzisintha wekha kaya kusintha chinthu, kuti chikwane pamalo patsopano kapena pa ntchito yatsopano. Mawu awiri onsewa anachokera ku Chilatini koma mizu yawo ndi yosiyana. Adopt anachokera ku optare, kutanthauza kusankha, ndipo option ndi m'bale wake. Adapt anachokera ku aptare, kulinganiza chinthu kuti chikwane, monga kalipentala akamapala chitseko m'mbali mpaka chilowe bwino pa felemu. Aptitude test imene amakulembetsani pofunsira ntchito ndi ya banja lomweli. Akufuna aone ngati mukwane pamalopo.

Wa kabaza ku Lunzu: Aphunzitsi, ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma ndikufuna ndione ngati ndamva. Njinga yangayi ndinaigula ili wamba. Ndinapita nayo kwa owotcherera, anandiikira kaliyala wolimba kumbuyo, pamwamba pake khushoni, zopondapo mbali ziwiri, ndi kachitsulo koti okwera azigwira. Masipoko a kumbuyo ndinachotsa n'kuika okhuthala. Imeneyi ndiye adapt?

Aphiri a ku Dedza: Mwalasa achimwene. Chitsanzo chanuchi chaposa zonse zimene ndinkapereka m'kalasi. The bicycle was adapted for carrying passengers. Taonani kuti apa mperekezi ndi for, chifukwa tikunena ntchito imene mwaikonzera njingayo. Paja tinaphunzira za mneni woyambukira ndi wosayambukira. Adapt amachita mbali zonse ziwiri. Anabanda akamati I adapt to new places ndi iwo eni amene akusintha. Inu mukamati I adapted the bicycle, mwasintha chinthu china.

Koma m'mawa mukakweza chishalo pang'ono chifukwa mawondo akupindika kwambiri, kapena mukamanga mabuleki, imeneyo ndi adjust. Njinga ikadali yomweyo, ntchito yake yomweyo, mwangosuntha pang'ono. Ndipo anzanu amene anasiya njinga zakapalasa n'kuyamba zamoto, they adopted motorbikes. Ndiye aneni atatu onse ali pa siteji panupo.

Palinso adapted from, pamene buku alisandutsa sewero la pa wailesi kapena kanema. Nkhani imakhala yomweyo koma aidula ndi kuikonza kuti ikwane m'makutu kapena m'maso.

Wa kabaza ku Lunzu: Ndamva bwinobwino. Mawa ndikawafotokozera anzanga.

Nangozo: Aphunzitsi mukadali pompo, mwana wanga wa Fomu 4 analemba mu composition kuti "She adapted to live in town" ndipo anamuchongera cholakwa. Chifukwa chiyani?

Aphiri a ku Dedza: Chifukwa to amene ali mu adapt to ndi mperekezi. Pambuyo pake pamabwera dzina, kapena mneni wothera ndi -ing. She adapted to town life, kapena She adapted to living in town. N'chimodzimodzi ndi I am used to waking up early, osati to wake up. Mumuuzenso kuti cope up with kulibe. Ndi cope with basi. Ameneyu amalakwitsa ngakhale akuluakulu olankhula pa wailesi.

Achimwene a ku Joni: Moni akuluakulu. Ine mawu amenewa ndinawaphunzira usiku wanga woyamba ku Johannesburg mu 2013. Ndatsika basi foni itazima kalekale. Ndafika pa chipinda cha msuweni wanga, ndatulutsa chaja, sikulowa. Kwathu pulagi ili ndi mano atatu afulati ngati ya ku Britain, kuno mabowo ake ndi atatu obulungira, akuluakulu. Mayi kumudzi akudikira uthenga woti ndafika, ine ndangogwira chaja m'manja. M'mawa msuweni anandigulira adaputa pa shopu ya pakona. Kachinthu kakang'ono, mbali ina kakulandira pulagi ya kwathu, mbali ina kakulowa m'khoma la eni ake. Magetsi ndi omwewo, foni ndi yomweyo. Ndiye aphunzitsi mukamati kukwana, ine ndikuona kameneko.

Aphiri a ku Dedza: Eetu, dzina limenelo lachokera kwa mneni yemweyu. Amalemba adapter kapena adaptor, zonse n'zololedwa.

Achimwene a ku Joni: Koma pali china chimene chimandivuta, mwina chituluka pang'ono mu galamala. Kuno timauzana kuti ukafuna kukhala bwino uyenera ku-adapta. Ena mwa malangizowo ndi abwino: phunzira kuimitsa teksi ndi zala chifukwa njira iliyonse ili ndi chizindikiro chake, ukakhala mpando wakutsogolo dziwa kuti ndiwe uwerengere dalaivala ndalama, phunzira kulonjera m'Chizulu ndi m'Chisutu. Zimenezo ndinaphunzira mokondwa. Koma mu Epulo 2015, ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zitayambira ku Durban, mpaka boma lathu linatumiza mabasi kudzatenga anthu, adapt uja anasintha tanthauzo. Tinkauzana kuti foni ikaitana m'teksi usayankhe m'Chichewa. Mayi ako akuimba, iwe n'kuidula. Akazi athu anabisa zitenje. Kodi kumeneko n'kusintha kuti ukwane, kapena n'kubisala? Nanzikambe akasintha khungu pa tsamba timati wachita adapt?

Mayi a Tadala ku Leeds: Achimwene, funso lanulo landikhudza, ndikuyankhani mawa ndikaweruka. Ndili pa shifiti ya usiku.

Lachitatu

Mayi a Tadala ku Leeds: Mwadzuka bwanji abale anga. Ndawerenga zonse m'basi pobwerera. Kwa ife anamwino amene tinabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mawu akuti adaptation anali dzina la nyengo ya moyo wathu. Namwino wophunzira kunja asanalembedwe m'kaundula wa anamwino a kuno, ankayenera kugwira ntchito miyezi ingapo moyang'aniridwa, ndipo aliyense ankangoti "ndili pa adaptation". Kuyambira mu 2014 njira inasintha, tsopano amalemba mayeso a pa kompyuta kenako mayeso ochita ndi manja otchedwa OSCE. Koma ife akale tikakumana timafunsanabe kuti adaptation munachitira kuti.

Ntchito yeniyeni sinandivute. Kubaya jakisoni, kutsuka bala, kuona kuti wodwala akufooka, zimenezo ndinabwera nazo kuchokera kwathu, ndipo kwathu ndinkasamala odwala ochuluka kuposa kuno. Chinandivuta ndi dzina. Tsiku loyamba anandipatsa agogo aakazi a zaka zoposa 80. Ine ndikuwaitana Mrs, ndikuyang'ana pansi polankhula nawo, powapatsa mankhwala ndikupereka ndi manja awiri mawondo atapindika pang'ono. Wondiyang'anira anandiitanira pambali n'kundiuza kuti agogowo akuona ngati ndikuwabisira kanthu chifukwa sindikuwayang'ana m'maso, ndiponso iwo eni apempha kuti tiziwatchula dzina lawo loyamba. Ine kutchula dzina la munthu wa msinkhu wa agogo anga! Lilime linakana sabata yathunthu. Ndinkayeserera ndekha m'bafa.

Lero ndimatchula, ndimayang'ana m'maso, ndipo odwala amandikhulupirira. Pa Chingerezi ndinganene mosakayika kuti I have adapted. Koma mukandifunsa pa Chichewa kuti mwazolowera, ndikuyankhani kuti ayi. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ndimadziwa chochita: jekete yokhuthala, mavitamini D, nyale yowala m'khitchini. Koma chaka chilichonse mdima umenewo ukabwera mtima umatsika ngati n'koyamba. Ndiye kwa ine adapt ndi kuzolowera si chinthu chimodzi. China chili m'zochita, china chili mumtima.

Za funso lanu achimwene a ku Joni, ine ndikuona chonchi. Manja awiri aja sindinasiye. Ndimaperekabe mankhwala ndi manja awiri, ndipo odwala ena amandifunsa chifukwa chake, ine n'kuwafotokozera za kwathu. Pamene ndinasintha kuti ndithandize bwino wodwala, ndi adapt. Kudula foni ya mayi anu chifukwa cha mantha sindingakutche choncho. Kumeneko n'kupulumutsa moyo, ndipo mlandu wake suli pa inu.

Achimwene a ku Joni: Zikomo achemwali. Akuluakulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Mwandipeputsa mtima.

Aphiri a ku Dedza: Mayi a Tadala, mwanena chimene dikishonale siinganene. Ndingowonjezera kuti kuzolowera kwathu kuli pafupi kwambiri ndi get used to. Munthu amatha kuzolowera osachita kanthu, nthawi yokha imamuzoloweretsa. Phokoso la chigayo pafupi ndi nyumba, mwezi woyamba sugona, mwezi wachitatu sukulimvanso. Sunasinthe chilichonse. Adapt amafuna kuti pakhale chimene chasinthadi. Ndipo kumapeto kwa Okutobala mukamabweza mawotchi anu ndi ola limodzi kumeneko, kuti tizisiyana maola awiri m'malo mwa limodzi, you adjust the clock.

Mnyamata wa ku Ndirande: Anabanda, muikemonso mawu a Charles Darwin aja m'kalata mwanumo, akuti chimene chimapulumuka si champhamvu kapena chanzeru koma chimene chimatha kusintha. Mabwana amawakonda. Ku wekishopu ina anatiikira pa khoma.

Madamu a sayansi ku Mangochi: Chonde Anabanda musaike. Mawu amenewo amazungulira kwambiri pa Facebook ndi m'mawekishopu, koma m'buku la Darwin la 1859 mulibe. Anawalemba ndi Leon Megginson, mphunzitsi wa za kayendetsedwe ka bizinesi ku America, mu 1963, pofotokoza maganizo a Darwin m'mawu akeake. Kenako anthu anayamba kuwaika m'kamwa mwa Darwin.

Ndipo mu Biology, adapt ali ndi tanthauzo lina limene ana anga amalakwitsa chaka ndi chaka pa MSCE. Amalemba ngati nyama inakhala pansi n'kuganiza kuti ndisinthe. Si choncho. Tengani nsomba za m'nyanja yathuyi. Muli mitundu mazanamazana ya banja limodzi ndi chambo, yambiri yosapezeka kwina kulikonse pa dziko, n'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Mbuna zimakhala m'miyala, ndipo zina kamwa lake linayang'ana pansi, mano ake ngati kapala, zimapala ndere pamwala. Pali ina asodzi amaitcha kalingono, imagona cham'mbali pamchenga ngati yafa, tinsomba tikabwera kudzaona iyo n'kutigwira. Palibe mbuna imene inasankha kamwa lotero. Mwa ana ambirimbiri, amene kamwa lawo linkapala bwino ndiwo ankakhuta, kukula ndi kuswana. Mibadwo itapita yambiri, mtundu wonse unakhala wotero. Nsomba imodzi siichita adapt m'lingaliro limeneli, umachita ndi mtundu.

Aphunzitsi a ku Dedza mundikhululukire, koma pa lamulo lanu la -ing ndili ndi funso. M'mabuku athu a Biology timawerenga kuti "Fish are adapted to live in water." Palibe -ing pamenepo. Ndiye mabukuwo akulakwitsa?

Aphiri a ku Dedza: Madamu, mwachita bwino kundigwira pamenepo, lamulo lija ndinalinena mouma kwambiri. Mabuku anuwo sakulakwitsa. Mu chiganizo chanucho to si mperekezi, akutanthauza "kuti": thupi la nsomba linapangika kuti izikhala m'madzi. N'chimodzimodzi ndi The bicycle was adapted to carry passengers. Chinthu chakonzedwa kuti chigwire ntchito yakuti. Koma tikamanena za munthu amene akulimbana ndi moyo watsopano, monga m'chiganizo cha mwana wa Anangozo, njira yabwino ndi adapted to living. Anangozo, mumuonetse mwana mbali ziwiri zonsezi.

Nangozo: Ndamujambulira zonse, zikomo nonse awiri.

Mlangizi wa ku Chikwawa: Ndakhala ndikungowerenga kuyambira dzulo, koma tsopano ndilankhule, chifukwa mawu amenewa ndi amene amandisowetsa tulo pa ntchito yanga. Mapepala onse amene timalandira ali ndi climate change adaptation. Dziko lathu linalemba ndondomeko yake yoyamba ya zimenezi mu 2006. Pa Chingerezi amasiyanitsa bwino: mitigation ndi kuchepetsa utsi umene ukutenthetsa dziko, adaptation ndi zimene anthu achite popeza nyengo yasintha kale. Ndipo adopt uja nayenso timakhala naye tsiku lililonse, chifukwa lipoti lililonse limafunsa kuti alimi angati achita adopt mbewu yakuti kapena ulimi wa mtayakhasu.

Vuto limabwera ndikaima pansi pa mtengo, kutsogolo kwanga kuli anthu a m'mudzi. Chaka chatha pa msonkhano wina ndinatanthauzira mwachangu kuti "tiyenera kuzolowera kusintha kwa nyengo." Agogo ena aakazi anali atakhala pa mphasa kutsogolo, mwana wa mwana wawo ali pamiyendo. Anakweza dzanja n'kufunsa modekha kuti, "Alangizi, madzi ananditengera nyumba nthawi ya namondwe Ana, ananditengeranso nthawi ya Freddy. Mukuti ndizolowere?" Bwalo lonse linangoti zii. Ndinapepesa, ndipo kuyambira tsiku limenelo liwu lakuti kuzolowera sindilitchulanso pa nkhani imeneyi.

Agogowo ankanena zoona. Anthu akuno kuzolowera anazolowera kale. Madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Marichi 2023, kenako ng'amba ya 2024 imene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Munthu wozolowera amabwerera pamalo pomwepo, kumanga nyumba ya zidina zomwezo, kubzala chimanga chomwecho, n'kumadikira. Chimene mapepala aja akufuna n'chosiyana: kubwerera ku mapira ndi mchewere zimene makolo akuno ankalima chifukwa zimapirira dzuwa, kubzala mbewu zocha msanga, kulima m'maenje osunga chinyezi, kukweza maziko a nyumba, kudalira dimba madzi akaphwa, ena kusamukira kumtunda. Ndiye ndithandizeni. Ndinene kuti chiyani pa Chichewa?

Mnyanja wa ku Chipata: Kuno ku Zambia ambiri timati kujaila. "Wajaila mu Lusaka." Sichingathandize?

Aphiri a ku Dedza: Liwu limenelo kunonso lilipo achimwene, koma lili mbali yomweyo ya kuzolowera, ndipo kawirikawiri timalinena pa chizolowezi chosakhala bwino, monga mwana wajaira kupempha. Agogo aja akanakhumudwa nalo chimodzimodzi.

Alangizi, ine ndikuona kuti tisavutike kufuna liwu limodzi. Chingerezi chaika zinthu zingapo m'thumba limodzi, ife tili ndi liwu pa chilichonse. Njinga ya achimwene a ku Lunzu "anaikonza kuti izinyamula anthu." Buku "analisandutsa sewero." Mayi a Tadala "anasintha kachitidwe." Kwa alimi anu ndikanati "kusintha kalimidwe ndi kakhalidwe molingana ndi mmene nyengo ilili tsopano." N'chachitali, koma mlimi akumva kuti pali chochita ndi manja ake.

Madamu a sayansi ku Mangochi: Ine ndimakonda "kuyenda ndi nyengo." Asodzi kuno amati mwera ukayamba suulimbana nawo, umasintha nthawi yolowera panyanja.

Mlangizi wa ku Chikwawa: "Kuyenda ndi nyengo" ikumveka bwino m'kamwa, koma ndikuopa kuti achinyamata angamve ngati za mafashoni. Ya aphunzitsi ndiyesa kuifupikitsa: "nyengo yasintha, nafenso tisinthe kalimidwe."

Wa ku Chilobwe: Pepani ndilowerere, ndipo pepani ngati ndilankhule mowawa. Ine liwu limeneli ndimadana nalo, kaya pa Chingerezi kaya mulitanthauzire bwanji. Usiku umene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nthawi ya Freddy ndinali pomwepo. Nyumba ya anansi athu inapita ndi anthu ali m'kati. Tinakumba ndi makasu ndi manja. Patapita miyezi kunabwera anthu ndi magalimoto awo kudzatiphunzitsa adaptation ndi resilience. Utsi umene wasokoneza nyengo sitinafukize ndife. Ambiri kwathu kuno ngakhale magetsi alibe. Koma mneni ameneyu nthawi zonse mwininkhani wake ndife: ife tisinthe, ife tisamuke, ife tipirire. Amene anayambitsa asintha liti?

Mayi a Tadala ku Leeds: Pepani kwambiri m'bale wanga. Tinkaonera pa foni kuno tikulira.

Mlangizi wa ku Chikwawa: Achimwene, simunalakwe, ndipo si inu nokha amene mukunena zimenezi. Maiko osauka akhala akukangana nawo olemera pa mfundo yomweyi zaka zambiri. N'chifukwa chake pa msonkhano wa maiko wokambirana za nyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022, anagwirizana zokhazikitsa thumba lapadera la loss and damage, kutanthauza zotayika ndi zoonongeka. Kumeneko kunali kuvomereza kuti pali zinthu zimene adapt sangazifikire. Munda umene wakwiririka ndi mchenga wofika m'chiuno sungausinthire kalimidwe. Manda a makolo akakokoloka palibe mbewu yocha msanga imene ingabwezeretse. Ngati ndalama za thumba limenelo zidzafike kwa anthu ngati inu, imeneyo ndi nkhondo ina.

Koma ine pa udindo wanga sindingadikire kuti olemerawo asinthe kaye. Mvula ikubwera mwezi wa mawa kaya asintha kaya sanasinthe. Agogo aja ayenera kudya chaka chamawa. Ndiye ndimanyamula mbewu ya mapira, ndikudziwa kuti mlandu si wawo.

Wa ku Chilobwe: Ndakumvani alangizi. Inu mumakhala nawo anthuwo, si inu amene ndimanena. Chimene ndikupempha n'chakuti mukamawauza kuti asinthe, muziwauzanso kuti sanalakwe ndi iwo. Ife palibe anatiuza zimenezo.

Mlangizi wa ku Chikwawa: Ndikayamba ndi mawu amenewo pa msonkhano wa mawa.

Aphiri a ku Dedza: Achimwene a ku Chilobwe, mwaona chinthu chimene ine pa zaka zonse zophunzitsa mneni ameneyu sindinachione, kuti tizifunsa mwininkhani wake ndani. Pepani ndi zimene munadutsamo.

Lachinayi m'mawa

Nabanda: Mwadzuka bwanji nonse. Ndawerenga zonse kawiri. Sindimadziwa kuti funso langa lifika kutali chonchi. Ntchito imene ndikufunsirayi ndi yokhudza anthu omwe anasamutsidwa ndi madzi, ndiye zimene anena alangizi ndi achimwene a ku Chilobwe ndazilemba m'kope. Chiganizo chija ndachisintha chonchi: "I have not lived outside Lilongwe before, but I adapt quickly to new places and I am ready to learn Chisena." Chili bwino? Komanso pa CV pali malo a maluso, ndilembe adaptive kapena adaptable?

Aphiri a ku Dedza: Chiganizocho chili bwino kwambiri, ndipo chaposa choyamba chija chifukwa mwanena zoona ndiponso mwatchula chimene mudzachite. Pa CV lembani adaptable, ndiye mfotokozi wa munthu. Adaptive amanenera kwambiri njira, zipangizo kapena ndondomeko. Ngati mukufuna dzina, ndi adaptability. Musamalenso ndi adept, wa e pakati, amene amatanthauza katswiri pa chinthu. Kompyuta siikuchenjezani mukasokoneza atatuwa chifukwa onse ndi mawu enieni, ndiye werengani nokha chilembo chilichonse musanatumize.

Mayi a Tadala ku Leeds: Mng'ono wanga, akakuitanani ku intavyu adzakufunsani kuti mupereke chitsanzo cha nthawi imene munachita adapt. Musadzangoti "ndine wozolowera msanga." Konzekerani nkhani imodzi yeniyeni: zinthu zinali chonchi, zinasintha chonchi, ine ndinasintha chakuti, zotsatira zake zinali zakuti. Ngakhale ya nthawi ya Covid sukulu zitatsekedwa mu 2020, ngati munapeza njira ina yowerengera, imeneyo ndi nkhani yokwanira.

Nabanda: Ilipo. Mayi atadwala ndinatenga geni yawo ya tomato kumsika, ndipo makasitomala atachepa ndinayamba kulandira maoda pa WhatsApp n'kumatumiza ndi akabaza.

Mayi a Tadala ku Leeds: Imeneyo ndiye. Muikonze m'ziganizo zinayi kapena zisanu.

Mlangizi wa ku Chikwawa: Anabanda, mukapambana mudzandiuze musananyamuke. Kuno ku chigwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo thupi la munthu wa ku Lilongwe limatenga masabata angapo kuti ligwirizane nako. Aphunzitsi atiuza ngati ndi adapt kapena ayi.

Aphiri a ku Dedza: Adapt to the heat si cholakwa, koma thupi likamazolowera kutentha, kuzizira kapena mpweya wa pamwamba pa phiri, liwu lake lenileni ndi acclimatise. Muli climate m'kati mwakemo.

Mlangizi wa ku Chikwawa: Zikomo. Ndiye mudzabwere ndi neti ya udzudzu, botolo lalikulu la madzi ndi zovala zopepuka za thonje. Ntchito za kumudzi timayamba 6 koloko kuti pofika 11 tikhale tili pamthunzi. Ine ndanyamuka, anthu akundidikira kumsonkhano.

Nabanda: Muyende bwino alangizi. Kalata ija ndatumiza tsopano lino.